Kutsikira ku Tete ndi mwana wa liwiro

Lolemba, ku Ulongue

Tanyamuka ku Domue, m'boma la Angonia kuno ku Mozambique, kusanache, chisanu cha Ogasiti chikuluma zala. Mlongo wanga anadzuka tambala woyamba kukazinga chimanga ndi kuwiritsa mbatatesi za kamba wa panjira. Potiperekeza kumsewu sanalankhule zambiri. Anangokonza kolala ya juzi ya mwana wake n'kunena kuti, "Achimwene, mwanayu mukabwere naye bwino. Kutentha kwa ku Tete sakukudziwa." Ndinavomera. Kwathu kuno malume ndiye mwini mbumba, ndiye kanthu kakamuonekera mtsikanayu panjira, wofunsidwa ndine.

Muphwa wangayu ali ndi zaka 14 ndipo amathamanga mamita 800. Tikupita naye kumzinda wa Tete kuti akamuone mnzanga wina amene amaphunzitsa ana liwiro kumeneko, munthu amene tinakulira limodzi kumsasa wa othawa nkhondo ku Dedza. Ine ndine mphunzitsi wa pulayimale, zamasewerazi ndimangophunzitsa chifukwa chozikonda. Mnzangayo ndiye anazipitira kusukulu.

Kunena zoona, ulendowu unayamba mu Disembala 2022. Chaka chimenecho dziko la Malawi ndilo linachititsa masewera a achinyamata a mayiko 10 a kum'mwera kwa Africa, aja amawatchula kuti Region 5 Youth Games. Tinkamva nkhani zake tsiku ndi tsiku pa wailesi za ku Malawi, zomwe kuno zimamveka ngati zikuulutsira kuseri kwa nyumba. Ndinagulitsa matumba awiri a nyemba, ndinatenga mwanayu, tinadutsa pachipata cha Calomue n'kukwera minibasi pa Dedza. Nthawi ya nkhomaliro isanakwane tinali titakhala kale pansi mu Bingu National Stadium ku Lilongwe. Aka kanali koyamba kuti iye aone bwalo lothamangirapo lofiira lija, la mizere yoyera yosafufutika ndi mvula. Atsikana ataima pamzere, iye anandigwira mkono n'kuloza wina wovala mitundu ya mbendera yathu.

"Amalume, ameneyo kwawo n'kuti?"

Ndinamuyankha kuti ambiri a iwo ayenera kuti ndi a ku Maputo kapena ku Beira.

"Nanga a ku Angonia saloledwa?"

Funso limenelo landikhala pamtima zaka zitatu. Kuchoka pano pa Vila Ulongue kukafika ku Lilongwe ndi ulendo wa m'mawa umodzi. Kukafika ku Maputo, kumene amasankhira ana oimira dziko lathu, ndi makilomita oposa 1,500 kuchokera ku Tete kokha, osawerengera mtunda wochokera kuno.

Lero tagona ku Vila chifukwa cha mapepala. Dzina la mwanayu linalembedwa mosiyana pa sedula, chiphaso cha kubadwa, ndi papepala la kusukulu, chilembo chimodzi chokha, ndipo cholakwacho chinali chathu eni ake pomulembetsa. Tinakhala pamzere mpaka masana koma zatheka. Ena angaone ngati n'zazing'ono, koma m'masewera a ana nkhani ya zaka ndi yaikulu. Masewera a Region 5 aja anayamba ngati a achinyamata osapitirira zaka 20, ndipo ku Lilongwe mpira wamiyendo unali wa osapitirira zaka 17. Mu 2020, pampikisano wa msinkhu womwewo wa COSAFA, bungwe la mpira la kum'mwera kwa Africa, matimu 4 anabwezedwa kwawo osewera ena atalephera kuyeza kwa mafupa a pamkono kotsimikizira zaka zawo. Mwana amene mapepala ake sakugwirizana, liwiro lake lilibe ntchito.

Lachiwiri, mu chapa

Chapa, minibasi ya kuno, yadzaza cha m'ma 7. Pamwamba amangapo matumba a mbatatesi ndi kabichi, pansi pa mipando nkhuku zomanga miyendo. Ife tinapeza malo kumbuyo, pafupi ndi bambo wina wachikulire wa chipewa chaubweya amene amapita kukaona mwana wake ku Moatize. Tisanapitirire n'komwe minda ya ku Vila anali atatifunsa kale kwathu, mfunda wathu ndi chimene tikukatenga ku Tete.

Nditawafotokozera za masewera a mayiko 10, anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ndamva, aphunzitsi. Kumeneko ndi Kulamba kwa ana." Iwo chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti amapita kumwambo wa Kulamba ku Mkaika, ku Katete, kumene Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia amakakumana pamaso pa Kalonga Gawa Undi. Anati kumeneko munthu safunsidwa za dziko lake, amangofunsidwa mfumu yake. Kenaka anafuna kudziwa amene anayambitsa Kulamba kwa anaku, ndipo msewu poti ndi wautali, ndinayamba kuwauza zimene ndakhala ndikutolera chibwerere ku Lilongwe.

Maganizo ake anabadwira pamsonkhano wa nduna za masewera ku Cabinda, m'dziko la Angola, mu 1997. Nthawi imeneyo mayiko athu ankatchedwa Zone VI pansi pa bungwe lalikulu la masewera mu Africa la SCSA. Mu 1999 ndunazo zinakumananso ku Johannesburg ndipo zinamanga mfundo ziwiri: masewera azichitika zaka ziwiri zilizonse, ndipo dziko lililonse lizilandira anzake nthawi yake ikakwana, losauka ndi lolemera lomwe. Mu 2001 atsogoleri a SADC anasayinirana ku Blantyre pangano la chikhalidwe, mauthenga ndi masewera, gawo limene ofesi yake inali m'manja mwa dziko lathu. Tsono mu 2004 masewera oyamba anachitika, ndipo anachitikira kwathu konkuno, ku Maputo.

Apa mwanayu, amene ndinkaganiza kuti wagona, anadzutsa mutu. Iye ndandanda wake anauloweza pamtima ndipo anautchula ngati akuimba: Mozambique 2004, Namibia 2006, South Africa 2008, Swaziland 2010, Zambia 2012, Zimbabwe 2014, Angola 2016, Botswana 2018, Lesotho, Malawi. Ndiye amene anandionetsa chaka chatha chinthu chimene ine sindinachione, kuti mayinawa akutsatana monga zilembo za alifabeti. Anayambira pa M, anatsika mpaka pa Z, n'kubwerera pa A. A ku Lesotho anayenera kuchititsa mu 2020, koma Covid-19 inakankhira masewerawo mpaka Disembala 2021, n'chifukwa chake a ku Maseru ndi a ku Lilongwe anatsatana chaka ndi chaka. Malawi atatseka mkombero woyamba, zilembo zinabwerera kwa ife, koma amene analandira alendo mwezi wathawu, mu Julaye 2025, ndi Namibia, ku Windhoek ndi ku Swakopmund.

Bambo aja anafunsa funso la mlimi: dziko limapindula chiyani podyetsa ana a eni ake sabata yathunthu ndi masiku? Ndinawauza zimene ndinaona ndi maso. Ku Lilongwe, chifukwa cha alendowo, anamanga holo yaikulu ya masewera ya Griffin Saenda ndi dziwe losambiriramo pa Kamuzu Institute for Sports. Alendo anapita, zomangazo zinatsala. Komanso mwana wochokera pabwalo la sukulu sangalumphe n'kukafika ku masewera a Africa yense kapena ku Olimpiki, pamafunika pena popondapo. Popondapo pake ndi pomwepa, pamene amakumana ndi ana anzake a mayiko oyandikana nawo, nkhonya, judo, kusambira, tenesi, basiketibo, ntchemberembaye, liwiro, mpaka liwiro la ana osaona amene amathamanga atagwirana kachingwe ndi wowatsogolera. Amenewo ndinawaona ku Bingu ndipo bwalo lonse linakhala chete kuti amvane ndi owatsogolera awo.

Pa Mussacama tinalowa msewu waukulu wochokera ku Zobue. Kuyambira pamenepo dziko limangotsika. Juzi zinayamba kuvulidwa mmodzimmodzi, minda yobiriwira inatha, kunayamba milambe ndi mbuzi. Ku Moatize fumbi la malasha linali pamasamba a mitengo ya m'mbali mwa msewu. Bambo aja potsika anagwira mwanayu dzanja ndi manja awiri n'kunena kuti, "Mayi, mukathamange. Tikakumvereni pa wailesi."

Tinaoloka Revubue, kenaka Matundo, kenaka Zambezi pamlatho wa Samora Machel dzuwa litapendeka. Mwanayu anakanirira pawindo osaphethira. Mtsinje waukulu umene ankaudziwa ndi Lifidzi.

Lachitatu, mumzinda wa Tete

Usiku sitinagone bwino. Anthu akuno akuti ino ndi nyengo yozizira, koma ife tinafunda nsalu yokha. Mlamu wanga, mkazi wa mnzangayo, anatiphikira nsima ndi nsomba ya chikowa, ija yamchere youma yochokera ku Cahora Bassa, ndipo ana a m'nyumbamo akuseka Chichewa cha mlendo wawo pamene iye akuseka Chinyungwe chawo. Pofika m'mawa anali atayamba kale kumvana.

Ine ndi mnzangayo tinakhala pakhonde nthawi yaitali. Tinathawira ku Malawi chaka chimodzi, tili ana, m'gulu la anthu oposa 1 miliyoni amene nkhondo inawakankhira kumeneko. Liwiro tinaliphunzira pasukulu ya ku Dedza, opanda nsapato, tikupikisana ndi ana a eni mudzi. Mtendere utasayinidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 tinabwerera, iye anapitirira mpaka kuno, ine ndinatsala kumudzi. Iye amati anthu amene sanaone zaka zimenezo samvetsa kulemera kwa masewera a Region 5, ndipo ndikugwirizana naye.

Bungwe lija la SCSA linakhazikitsidwa ku Bamako mu 1966, patangopita chaka chimodzi masewera oyamba a Africa yense atachitika ku Brazzaville. Likulu lake linali ku Yaoundé. Kwa zaka zambiri ntchito yake yodziwika inali yolimbana ndi tsankho la ku South Africa. Ndilo linatsogolera mayiko a mu Africa kunyanyala Olimpiki ya ku Montreal mu 1976, chifukwa timu ya ragibe ya New Zealand inali itakasewera m'dziko la tsankholo. M'chigawo chathu chino, zaka zimenezo oyandikana ankaonana ndi diso lofiira. Ku Angola kunali nkhondo, kwathu kunali nkhondo, Namibia inali isanalandire ufulu mpaka 1990, ndipo ngakhale maboma a Malawi ndi Mozambique sankamwerana madzi. South Africa inabwerera ku Olimpiki mu 1992. Angola inapeza mtendere mu 2002. Ndiye taganizani, patangopita zaka ziwiri zokha, ana a mayiko onsewa akugona malo amodzi ku Maputo, akudya pamzere umodzi. Mnzangayo anati, "Achimwene, ife tinaoloka malire titasenza mphasa. Awa akuoloka atanyamula nsapato zothamangira. Musamazione mopepuka."

Mu 2013 SCSA inathetsedwa ndipo ntchito yake inapita m'manja mwa African Union. Zone VI inasanduka Region 5, ofesi yake ili ku Gaborone, ndipo masewera a ku Bulawayo mu 2014 ndiwo anayamba kuchitika ndi dzina latsopanolo. Mnzangayo amatchulabe dzina lakale, akuti lilime linazolowera.

Iye anapitako ku Maputo mu 2011, pamene dziko lathu linachititsa masewera a Africa yense Zambia italephera kuwalandira. Anayenda masiku awiri pabasi kuti akaone bwalo la Zimpeto limene linatsegulidwa chaka chomwecho. Anandiuza kuti atakhala m'bwalomo anasangalala, komanso mtima unamuwawa, poganizira ana ake a kuno amene amathamanga pafumbi. Njira yofikira m'timu ya dziko anandilongosolera bwinobwino. Mwana amayenera kupambana pasukulu, kenaka paboma, kenaka pachigawo, kenaka pamasewera a sukulu a dziko lonse, ndipo pamenepo ndi pomwe akuluakulu a liwiro angamuone. Sitepe iliyonse imafuna thiransipoti, chakudya ndi munthu wamkulu womuperekeza. Mwana wa ku Maputo amakwera chapa imodzi n'kukafika pamaso pa osankhawo.

Madzulo anatulutsa chithunzi chakale chodula m'nyuzipepala, cha Maria Mutola atanyamula mbendera ku Sydney mu 2000, atapata mendulo yagolide pa mamita 800 omwewa ndi nthawi ya 1:56.15. Anamuuza mwanayu kuti Mutola poyamba ankasewera mpira ndi anyamata ku Chamanculo, ndipo amene anamuona n'kumulozera ku liwiro anali mlakatuli José Craveirinha. Ali ndi zaka 15 anali kale ku Olimpiki ya ku Seoul. Mwanayu anachigwira chithunzicho m'mphepete, kuopa kuchidetsa. Mawa m'mawa amuyesa.

Lachinayi

Lero landivuta kulemba, koma ndilemba monga zachitikira.

Tinafika pabwalo la sukulu ina 5 koloko m'mawa, kuthawa dzuwa. Bwalo lake ndi ladothi lolimba, mizere yake ya laimu, koma mnzangayo analiyeza yekha ndi tepi ndipo mkombero wake ndi mamita 400 enieni. Panali atsikana ena 5 amene iye amawaphunzitsa. Awiri anali ndi nsapato za minga, zogawana. Wathuyu anavula nsapato zake zasukulu, anaziika bwinobwino pansi pa mtengo wa msawu, masokosi n'kuwalowetsa m'kati, ndipo anaima pamzere chapansi monga amachitira kwathu.

Kwathu ndakhala ndikumuyesa ndi wotchi ya pafoni, ndipo nthawi yake yabwino inali 2:21. Nambala imeneyi ndinaiuza mlongo wanga, ndinaiuza ahedi, ndinamulembera mnzangayu pa WhatsApp. Ndi nambala imeneyi imene inatikweza chapa.

Likhweru litalira anachoka ngati mbawala. Mkombero woyamba anatsogola, ndipo ndinkamva mapazi ake akumenya dothi mofulumira kuposa a anzake. Atalowa mkombero wachiwiri anali akadali patsogolo. Koma pokhota pomaliza ndinaona mutu wake ukutembenuka, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu amene wafika pamene anasiya katundu n'kupeza palibe. Thupi lake linkadziwa kuti mpikisano watha, pamene mzere unali ukadali kutsogolo. Mapewa anakwera, manja anayamba kupalasa m'mbali. Atsikana awiri anamudutsa. Anamaliza wachitatu, n'kugwada pansi, manja padothi.

Mnzangayo anandionetsa wotchi: 2:34. Sanandinyoze. Anangondifunsa motsitsa mawu kuti, "Bwalo lanu munaliyeza ndi chiyani?" Ndinamuuza kuti ndi mapazi, kuwerenga sitepe zikuluzikulu, zaka 6 zapitazo, n'kukhoma zikhomo. Anawerengera pamchenga ndi kamtengo ndipo anati mkombero wathu uyenera kuti ukuperewera ndi mamita pafupifupi 30. Ndiye kuti zaka zonsezi mwanayu wakhala akuthamanga mamita 740 ine n'kumamuuza kuti ndi 800. Miyendo yake inaphunzira kutha mphamvu pamalo amene ine ndinaika chikhomo.

Ndinapita pamene anakhala, pansi pa msawu paja, akuvala masokosi osayang'ana munthu. Ndinakhala pansi pambali pake n'kumuuza kuti wolakwa ndine, ndipo ndinamufotokozera za zikhomozo. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenaka anati, "Ndiye kuti sindithamanga, amalume?"

Anayankha ndi mnzangayo, amene anali atafika kumbuyo kwathu. Anati mwana wa zaka 14, wopanda nsapato, wosazolowera kutentha, amene watsogola mamita 700 pakati pa ana ophunzitsidwa chaka chonse, ameneyo ndi wothamanga. Chimene akusowa ndi mamita 60 omalizawo, ndipo amenewo amaphunzitsika. Anawonjeza kuti kwathu kumapiri, kumene mpweya ndi wopepuka ndipo mwana amakwera chitunda popita kusukulu ndi kumadzi, ndi malo amene aphunzitsi a liwiro amawalakalaka. Anamulembera pakapepala zochita za sabata iliyonse, masiku othamanga mtunda wautali pang'onopang'ono, masiku obwereza mamita 200 ndi 300, ndi tsiku lopuma limene anati lisadumphidwe. Anamuuzanso kuti chaka chamawa akufuna kumuona pamipikisano ya sukulu, kuyambira paboma.

Masana sanadye bwino. Madzulo ndinamupeza kuseri kwa nyumba akuwerenga kapepala kaja, milomo ikuyenda.

Ine chimene chikundisautsa ndi chakuti kulakwa kwangaku si kwa ine ndekha. Ndikudziwa masukulu ambiri kwathu amene mabwalo awo anayezedwa chimodzimodzi, ndi mapazi a mphunzitsi wakhama amene analibe tepi. Tikamakamba mbiri ya masewera akuluakuluwa timatchula Cabinda, Johannesburg, Maputo, nduna ndi mapangano. Zonsezo n'zoona ndipo ndimazilemekeza. Koma mwana asanafike pa mbendera amayamba wadutsa pa chikhomo cha mphunzitsi wake.

Lachisanu, ku Songo

Mnzangayo anali ndi zochita ku Songo ndipo anati tipite limodzi kuti mwanayu apepukidwe mtima. Ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 150, ndipo chakumapeto msewu umakwera phiri mokhotakhota mpaka makutu kutsekeka. Pamwamba pake mphepo ndi yozizira ngati kwathu. Tinaona khoma la damu la Cahora Bassa, lotalika mamita 171, lomangidwa pakati pa mapiri awiri m'zaka za m'ma 1970. Mawaya ake amanyamula magetsi mtunda wa makilomita oposa 1,400 mpaka ku South Africa. Mwanayu anafunsa ngati nsomba ya chikowa ija imachokera m'madzi omwewa, ndipo atamva kuti inde anaseka koyamba chichokere pabwalo dzulo.

Chimene ndinafuna kuti aone kwenikweni ndi bwalo la mpira la m'tauniyi, la kapinga wobiriwira wothiriridwa. Timu ya kuno, União Desportiva do Songo, inatenga chikho cha Moçambola, ligi yaikulu ya dziko lathu, mu 2017, mu 2018 ndi mu 2022, kugonjetsa matimu a ku Maputo amene kale tinkaona ngati chikhocho ndi chawo chobadwa nacho. Zinatheka chifukwa panapezeka oikapo ndalama ndi chisamaliro, kuno komwe, m'chigawo cha Tete.

Pobwerera ndinamuuza mnzangayo zimene zakhala zikundizungulira m'mutu. Masewera a Region 5 aja amati ndi a mayiko oyandikana, ndipo m'Mozambique muno palibe chigawo chodziwa za kuyandikana kuposa chathu. Tete wagundana ndi Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Pa Lizulu msewu wa tala ndiwo malire, wogulitsa tomato ali dziko lina, wogula ali dziko lina. Nthawi yathu yolandira alendo ikadzakwananso, ndikudziwa kuti zambiri zidzachitikira ku Maputo, poti Zimpeto ili komweko. Koma Namibia yagawa masewera ake pakati pa mizinda iwiri yotalikirana, wina pakati pa dziko, wina kunyanja. Chingaletse n'chiyani kuti mpira wa atsikana, kapena nkhonya, zidzachitikire ku Tete kuno, kumene timu ya Malawi, ya Zambia ndi ya Zimbabwe ingafike pabasi tsiku limodzi? Ana a ku Angonia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde angadzaone ndi maso awo popanda malume kugulitsa nyemba.

Iye anati zimenezo n'za akuluakulu ndipo zimatenga zaka, koma pali china chimene sichifuna nduna. Anandikumbutsa kuti tili ana ku Dedza tinkapikisana ndi sukulu zoyandikana popanda wolemba kalata ku likulu. Sukulu yathu ndi sukulu ya tsidya la Malawi zatalikirana ulendo wa njinga. Iwo ali ndi zigoli za ntchemberembaye, masewera amene Malawi amadziwika nawo dziko lonse lapansi pamene ife sitiwadziwa bwino. Ife tili ndi basiketibo, imene atsikana a dziko lathu anafika nayo pampikisano wa dziko lonse lapansi mu 2014. Tingaphunzitsane. Botswana, dziko la anthu ochepa, linatulutsa Letsile Tebogo amene anapata golide pa mamita 200 ku Paris mu 2024, ndipo Zambia inatenga mendulo pa mamita 400 ndi Muzala Samukonga chaka chomwecho. Amenewa ndi ana a oyandikana nawo, akudya nsima ngati yathu yomweyi. Ndinalemba m'kabuku kanga mayina a ahedi awiri a tsidya lija amene ndimadziwana nawo.

Loweruka, pobwerera

Tisanakwere chapa ndinalowa m'sitolo ya zipangizo zomangira n'kugula tepi yoyezera ya mamita 50. Ndalama yake inali ya nsomba imene mlongo wanga anandituma, ndiye chikowa ndagula chochepa. Ndikamufotokozera.

Mlamu anatipatsa masawu ouma m'kathumba ndi malambe a ana kunyumba. Mnzangayo anabwera ndi nsapato zothamangira zakale za mwana wake wamkazi, zokulirapo pang'ono, n'kumuuza wathuyu kuti aziika pepala kutsogolo mpaka phazi litakula. Iye anagwada polandira. Ulendo wonse anazigwira pamiyendo, osalola kuti zikwere pamwamba ndi katundu.

Titadutsa Mussacama mphepo yozizira inayamba kulowa pawindo ndipo anthu anayamba kufunafuna juzi zawo. Tafika ku Domue kutada.

Lamulungu, kunyumba

Titaweruka kutchalitchi ndinaitana ana 8 a kalasi langa, tinatenga tepi, makasu awiri ndi chidebe cha phulusa. Tinayamba tayeza mkombero wakale potsata zikhomo zanga. Unakwana mamita 368. Mnzanga uja anaphonya ndi mamita awiri okha.

Kuti tipeze 400 enieni, kukhota kwa kum'mawa kumayenera kulowa masitepe angapo m'munda wa agogo ena oyandikana ndi sukulu, pamene anakolola kale chimanga. Ndinapita kukawaona ndi mwanayu, tinakhala pamphasa, ndinafotokoza zonse kuyambira ku Lilongwe mpaka pa msawu wa ku Tete. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa mwanayu kuti, "Iwe, ukadzapita kothamangako, udzanena kuti kwanu n'kuti?" Iye anati ku Domue. Agogowo anati mizere itatu ya kumapeto tingatenge, bola mvula ikagwa ana asamaponde nyemba zawo, ndipo anatuma mdzukulu wawo kuti akatithandize kuzula mapesi.

Tamaliza kuthira phulusa dzuwa likulowa kuseri kwa phiri. Zikhomo zakale ndazula ndekha. Mwanayu anavala nsapato zija, mapepala ali kutsogolo, ndipo anazungulira kawiri pang'onopang'ono osayesedwa nthawi, ana ena akumutsatira m'mbuyo. Kalata yopita kwa ahedi a tsidya lija ndailemba usiku uno, ndipo mnyamata wa kabaza amene amapita ku Dedza Lachiwiri wavomera kuitenga.